Kuzizidwa, kufooka ndi kutupa pakhosi kwa munthu amene akumwa mankhwala a TB yosamva mankhwala: kodi ndi chithokomiro?

Gadiyani wa ku Chilomoni

Moni nonse. Ndine mayi wa ku Chilomoni, ndipo ndikulemba chifukwa cha mng'ono wanga amene ndikumusamalira pakhomo panga kuyambira mwezi wa Juni. Ali ndi zaka 31, ndipo asanadwale ankagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Atatsokomola kwa nthawi yaitali anakapereka makhololo, makina oyezera makhololo a GeneXpert ndi kuonetsa kuti ali ndi chifuwa chachikulu chosamva mankhwala a rifampicin, choncho anamuika pa mankhwala a miyezi 9, akumwa okhaokha opanda jakisoni. Ine ndi amene ndinavomera kukhala gadiyani wake, ndipo m'mawa uliwonse ndimamuwerengera mibulu m'dzanja, ndimamuyang'ana mpaka atameza yonse, kenako ndimachonga pakhadi.

Miyezi iwiri yoyambirira vuto lalikulu linali nseru ndi kusanza, koma zimenezo anali atatichenjeza kale kuchipatala. Chifuwa chinayamba kuchepa, thukuta la usiku linasiya, nsima anayamba kudya, ndipo tonse mitima inakhala pansi. Koma kuyambira chakumapeto kwa Ogasiti ndikuona zinthu zimene sindikuzimvetsa. Nonse okhala mu Blantyre mukudziwa mmene dzuwa la Okutobala uno likuwombera, anthufe tikugona mazenera ali otsekula, koma mng'ono wangayu akuvala juzi masana, usiku ndi kufunda bulangete ngati kunja kuli chiperoni. Amangokhalira kugona, ndipo akadzuka amanena kuti thupi likumulemera ngati wasenza thumba la chimanga. Amatha masiku anayi osapita kuchimbudzi. M'mawa nkhope imakhala yotupikana, makamaka m'zikope, ndipo mawu ake, amene anali kumveka kutali poitanira malonda, tsopano ndi osasa, kulankhula kwake kwa pang'onopang'ono ngati munthu amene wangodzuka kumene. Sabata yatha ndinkamumasula tsitsi kuti ndimuluke lina, chipeso ndi kudzaza tsitsi lothothoka mpaka ndinachibisa kuti asaone. Tsiku lomwelo, pamene ankamwa madzi ine nditakhala pambali pake, ndinaona kuti pakhosi pake, m'munsi mwa kholingo, patupa pang'ono, ndipo chotupacho chimakwera ndi kutsika akamameza.

Nditafotokoza za kufookaku pachipatala china pamene tinapita kukatenga mankhwala, anatiyankha kuti mankhwalawa ndi amphamvu ndipo tingopirira, komanso anasangalala kuti sikelo yakwera. Za pakhosi ndinali ndisanazione nthawi imeneyo. Azakhali athu amene anabwera kudzamuzonda kuchokera ku Thyolo akuti mankhwala amuposa mphamvu, ayambe wapumira sabata ziwiri, ndipo akukumbutsa kuti agogo athu aakazi anali ndi chithokomiro chachikulu, mwina chayamba kuyenda m'magazi. Ine mtima sukundilola kumusiyitsa.

Pakhadi pake pali mayina 7 a mankhwala, ndipo limodzi mwa iwo ndi ethionamide. Funso langa ndi lakuti, kodi mankhwala a TB angathe kuwononga chithokomiro? Ngati ndi choncho, kodi chimachira, ndipo ndikapemphe chiyani kwenikweni ndikakafika kwa adokotala kuti ndisakabwezedwenso ndi mawu akuti tipirire?

Namwino wopuma pantchito, Zingwangwa

Mayi a ku Chilomoni, mwachita bwino kwambiri kusamvera malangizo opumitsa mankhwala, ngakhale kuti achokera kwa munthu wamkulu amene akufunira mwanayo zabwino. TB yosamva mankhwala ikapatsidwa mpata wa sabata ziwiri, tizilombo timene tinali titayamba kugonja timachulukananso, ndipo tikhoza kusiya kumva ngakhale mankhwala amene akugwira ntchito panopa. Pamenepo ndiye kuti vuto lochizika mosavuta lasinthanitsidwa ndi vuto lovuta kwambiri, komanso inuyo ndi ana a pakhomopo muli pachiopsezo chotenga matendawo.

Yankho la funso lanu loyamba ndi lakuti inde. Mwa mankhwala a TB yosamva mankhwala, amene amadziwika bwino kuti amafooketsa chithokomiro ndi ethionamide, mnzake wofanana naye wotchedwa prothionamide, ndi wina wakale wotchedwa PAS, ndipo vutoli limachuluka kwambiri munthu akamamwa ethionamide ndi PAS pamodzi. Si nkhani yachilendo ayi. Kafukufuku wa ku Lesotho amene anasindikizidwa mu 2012 anapeza kuti mwa odwala TB yosamva mankhwala amene anayezedwa, 69 mwa 100 aliwonse chithokomiro chawo chinali chitafooka, ndipo ambiri mwa iwo ankamwa mankhwala awiriwa pamodzi.

Ndifotokoze pang'ono mmene zimachitikira, chifukwa mukamvetsa mudzatha kuwafotokozera azakhali modekha. Anthu ambiri akamva mawu akuti chithokomiro amaganiza za chotupa chapakhosi, koma chithokomiro ndi chiwalo chimene munthu aliyense amabadwa nacho, chili kutsogolo kwa khosi m'munsi mwa kholingo, chooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko. Ntchito yake ndi kutenga ayodini amene timadya mumchere ndi m'nsomba ndi kupanga mahomoni awiri, T4 ndi T3, amene amalamula liwiro la thupi lonse: kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, kuyenda kwa chakudya m'matumbo, kumera kwa tsitsi, msambo, ngakhale changu cha kuganiza. Tinganene kuti mahomoniwa ndiwo amakolezera moto wa m'thupi. Ethionamide anapangidwa mofanana kwambiri ndi mankhwala amene madokotala amapereka mwadala kwa munthu amene chithokomiro chake chikugwira ntchito mopitirira muyezo, monga methimazole, choncho akalowa m'thupi amapha tizilombo ta TB, koma amalepheretsanso chithokomiro kulumikiza ayodini uja kuti mahomoni apangike. Mahomoni akachepa m'magazi, kachiwalo kena kakang'ono ka pansi pa ubongo, kotchedwa pituitary, kamatulutsa homoni yotchedwa TSH, imene ntchito yake ndi kulamula chithokomiro kuti chilimbikire. Chithokomiro chikamalephera, TSH imachulukirachulukira, ndipo kukakamizidwa kumeneko ndi kumene kumachititsa kuti chikule mpaka kuonekera pakhosi. Zimene mwaona pamene mng'ono wanu ankamwa madzi zikugwirizana ndi zimenezi, chifukwa chithokomiro chimakwera ndi kutsika pamodzi ndi kholingo munthu akamameza.

Chimene chimapangitsa kuti vutoli lichedwe kuzindikirika ndi chakuti chizindikiro chilichonse chili ndi chifukwa china chimene munthu angachiloze. Kufooka timati ndi TB yomweyo, kapena kuchepa kwa magazi. Khungu louma ndi lothimbirira timati ndi clofazimine, ndipo ndi zoona kuti mankhwala amenewo amatero. Kukhumudwa ndi kuiwalaiwala timati ndi maganizo a matenda, kapena cycloserine kwa amene akumwa mankhwala amenewo. Kukwera kwa sikelo ndiye kumatisocheretsa kwambiri, chifukwa kwa wodwala TB kunenepa ndi nkhani yabwino imene tonse timaiyembekezera, pamene nthawi zina kumakhala kutupikana kwa thupi chifukwa cha kuchepa kwa mahomoni. Ine ndinagwira ntchito m'mawodi zaka zambiri, ndipo ndikuvomereza kuti pamzere wautali, wodwala akangonena kuti wafooka, n'zosavuta kumuyankha kuti apirire. Koma kuzizidwa mu Okutobala, kudzimbidwa, mawu osasa, tsitsi lothothoka ndi chotupa chapakhosi zikakumana mwa munthu mmodzi amene akumwa ethionamide, pamafunika kuyeza magazi basi.

Musadikire tsiku limene analemba pakhadi. Pitani ku kiliniki ya TB kumene amalandirira mankhwala, mutatenga khadi ndi buku lake lakuchipatala, ndipo munene momveka kuti mukupempha kuti amuyeze TSH. Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati munthu amene akumwa ethionamide, prothionamide kapena PAS aziyezedwa TSH pakapita miyezi ingapo iliyonse, ndiponso nthawi ina iliyonse zizindikiro zikaoneka, kotero simukupempha chinthu chachilendo. Lembani zizindikiro zonse papepala pamodzi ndi mwezi umene chilichonse chinayamba, ndipo adokotala muwaonetse pakhosipo. Ngati pachipatalapo palibe makina oyezera, funsani kuti magazi atumizidwe kapena akulembereni kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Kwa munthu wamkulu TSH imakhala pakati pa 0.4 ndi 4.0 kapena pafupi ndi pamenepo, malinga ndi labu imene yayeza, ndipo ikapitirira 10 madokotala ambiri amayambitsa chithandizo, pamene ikakwera pang'ono chabe amayang'ananso zizindikiro ndi T4 asanagamule.

Pali zinthu zina ziwiri zimene ndikanakonda kuti mukazitchule. Choyamba ndi mtima. Mwa mankhwala 7 amene mwanenawo muyenera kuti muli bedaquiline, levofloxacin ndi clofazimine, ndipo atatu onsewa amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima m'njira imene imaoneka pa makina oyezera mtima a ECG. Chithokomiro chofooka chimawonjezera vuto lomwelo, choncho pemphani kuti amuyezenso ECG, ndipo ngati atakomoka, kuchita chizungulire chachikulu, kapena kumva mtima ukudumphadumpha, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso ngati atayamba kusokonezeka mutu kapena kugona kovuta kudzutsidwa. Chachiwiri ndi msambo. Kuchepa kwa mahomoniwa kumatha kuchulukitsa magazi a msambo kapena kusokoneza masiku ake, koma ngati wadumphitsa mwezi, ayezedwe mimba, chifukwa ethionamide sayenera kumwedwa ndi mayi woyembekezera, ndiponso mwana wa m'mimba amadalira mahomoni a mayi ake kuti ubongo wake ukule bwino.

Za kuchira musade nkhawa kwambiri. Chithandizo ndi kapiritsi kakang'ono kotchedwa levothyroxine, kamene ndi homoni ya T4 yomweyo imene thupi likusowa, ndipo kamamwedwa kamodzi patsiku pamene mankhwala a TB akupitirira. Kwa anthu ambiri chithokomiro chimabwerera mwakale ethionamide akasiyidwa. Pa ndondomeko ya miyezi 9, ethionamide amamwedwa miyezi 4 yoyambirira, ndipo amatha kuwonjezeredwa kufika miyezi 6 ngati makhololo achedwa kuyera, kutanthauza kuti mng'ono wanu ali pafupi kumaliza mankhwala amenewa. Koma tsiku losiyira aloze adokotala atayang'ana zotsatira za makhololo, osati ife a kunyumba.

Bambo wa ku Bangwe

Mayi, nkhani yanu yandikumbutsa kutali. Ine ndinadwala TB yosamva mankhwala zaka zapitazo, nthawi imene chithandizo chinali cha miyezi yoposa 20, chokhala ndi jakisoni wa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri yoyambirira, ndipo ethionamide ndinamumwa kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Jakisoniyo anandichepetsa kumva khutu limodzi, ndipo chifukwa maganizo a aliyense anali pa khutulo, za chithokomiro palibe amene anaziganizira kwa nthawi yaitali.

Ndine kalipentala. Chifuwa chitayamba kupepuka ndinabwerera ku shedi kuti ndizigwirako ntchito zing'onozing'ono, koma ndinapeza kuti thabwa limene kale ndinkalipala kamphindi likunditengera m'mawa wonse, manja akulemera, minofu ya m'miyendo ikukokana usiku. Chimene chinandiopsa kwambiri ndi mutu. Ndinkayeza thabwa ndi tepi, ndikatembenuka kuti nditenge pensulo, nambala ija yandithawa, ndi kuyezanso kachiwiri, kachitatu. Tsiku lina ndinadula miyendo inayi ya tebulo la kasitomala, iwiri ndi kufupika, ndipo ndinakhala pansi pa utuchi ndi kulira, munthu wamkulu wa ana atatu. Mkazi wanga ankaganiza kuti ndataya mtima chifukwa cha kutalika kwa matenda, achimwene anga ankati ndayamba ulesi chifukwa chozolowera kudyetsedwa, ndipo inenso ndinayamba kukhulupirira kuti mutu wanga wawonongeka ndipo sudzabwereranso. Sindibisa, panali masiku amene ndinkayang'ana mibulu ija m'dzanja ndi kuganiza zoitaya m'chimbudzi.

Amene anandipulumutsa ndi dokotala wina wachitsikana amene anandigwira dzanja kuti awerenge kugunda kwa mtima, ndi kudabwa kuti dzanjalo ndi lozizira pamene kunja kukutentha, komanso mtima ukugunda mochedwa. Anandifunsa za kuchimbudzi, za tsitsi, za kuzizidwa, mafunso amene palibe anali atandifunsapo, kenako anatumiza magazi. Atandiyambitsa levothyroxine sindinasinthe tsiku limodzi ayi, ndipo ndikunena izi kuti musadzakhumudwe. Sabata ziwiri zoyambirira sindinaone kanthu. Cha m'sabata yachitatu ndinazindikira kuti ndadzuka ndekha m'mawa popanda kugwedezedwa, kenako m'mimba munayamba kuyenda bwino, ndipo patapita miyezi iwiri ndinkatha kusunga miyezo ya kabati yonse pamtima ngati kale. Nditamaliza mankhwala a TB anandiyezanso, ndi kundichotsa pa levothyroxine, ndi kundiyezanso kachiwiri patapita nthawi, ndipo mpaka lero sindimwa kanthu.

Chimene ndikupempheni ndi chakuti mumuuze mng'ono wanuyo kuti zimene akumvazo zikhoza kukhala ndi dzina ndi mankhwala ake. Munthu amene akufooka osadziwa chifukwa amayamba kudziimba mlandu, makamaka anthu akamamuuza kuti wanenepa, akuoneka bwino, bwanji sakudzuka kukasesa pabwalo. Azakhali aja muwatenge popita kuchipatala ngati akadali konkuno, akamve okha kuchokera kwa adokotala.

Mphunzitsi wa ku Chirimba

Ndawerenga zonsezi mwachidwi, ndipo ndili ndi funso kwa amene akudziwa bwino. Kusukulu timaphunzitsa ana kuti chithokomiro chimatupa chifukwa chosowa ayodini, ndipo n'chifukwa chake mchere wogulitsidwa m'dziko muno umayenera kukhala wothira ayodini. Timawaphunzitsanso kuti chinangwa chowawa chimene sichinaviikidwe mokwanira chimawonjezera vutoli, ndipo ndikukhulupirira kuti agogo amene atchulidwawo chawo chinali cha mtundu umenewo, chifukwa kale kumidzi anthu ankadya mchere wopanda ayodini. Kodi sizingathandize kuti wodwalayu azidya mchere wochulukirapo, kapena agule mapiritsi a ayodini, pamene akudikira kuyezedwa? Ndikufunsanso chifukwa cha mlamu wanga amene wangoyamba kumene mankhwala a TB wamba a miyezi 6. Kodi iyenso tizimuyang'ana pakhosi?

Wogwira ntchito mu famase, Limbe

Aphunzitsi, zimene mumaphunzitsa anazo ndi zoona, koma vuto la wodwala uyu ndi lina. Kwa agogo aja mwina chimene chinkasowa ndi ayodini, pamene kwa munthu amene akumwa ethionamide ayodini alipo, koma chithokomiro chikulepheretsedwa kumugwiritsa ntchito. Zili ngati chigayo chimene magetsi azima: ngakhale mutawonjezera matumba a chimanga pakhomo pake, ufa sutuluka. Kuchulukitsa mchere kungangomukwezera BP, ndipo mapiritsi a ayodini omwa mwachisawawa amatha kufooketsa chithokomiro kwambiri mwa anthu ena. Azidya mchere wa ayodini pa mlingo wa masiku onse, wosungidwa m'botolo lotseka kutali ndi moto, ndipo zikwanira.

Za alamu anu, mankhwala a TB wamba ndi anayi m'miyezi 2 yoyambirira, omwe ndi rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, kenako rifampicin ndi isoniazid kwa miyezi 4. Mwa amenewa mulibe ethionamide kapena PAS, ndipo anthu ochuluka zedi amamaliza popanda vuto lililonse la chithokomiro. Wofunika kumutchula ndi rifampicin, yemwe amafiiritsa mkodzo uja. Iye salimbana ndi chithokomiro mwachindunji, koma amafulumizitsa chiwindi kuchotsa zinthu zambiri m'magazi, kuphatikizapo homoni ya T4. Chithokomiro chathanzi chimangopanga mahomoni owonjezera ndi kutseka mpatawo, mwini wake osadziwa n'komwe. Vuto limabwera kwa munthu amene chithokomiro chake chinali chofooka kale, kapena amene chinachotsedwa pa opaleshoni ndipo amadalira levothyroxine, chifukwa mlingo umene unkamukwanira kale umayamba kuperewera. Ndi chifukwa chomwechi chimene amene ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir amawonjezeredwa piritsi lina lamadzulo akayamba rifampicin.

Popeza zikuoneka kuti mng'ono wa mayi a ku Chilomoni akhoza kupatsidwa levothyroxine, ndinene za kamwedwe kake, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalakwitsa ndi kumadabwa kuti mankhwala sakugwira ntchito. Kapiritsika kamamwedwa m'mawa m'mimba mulibe kanthu, ndi madzi okha, ndipo munthu adikire mphindi 30 kufikira ola limodzi asanadye kapena kumwa tiyi wamkaka. Mapiritsi owonjezera magazi, a calcium, ndi mankhwala a chilungulira monga magnesium trisilicate amagwira levothyroxine m'matumbo kuti asalowe m'magazi, choncho azitalikirana naye maola 4. Zimenezi ndi zofunika kwa odwala TB chifukwa ambiri amapatsidwa owonjezera magazi, ndipo ambiri amagula okha a chilungulira pofuna kuthana ndi nseru ya ethionamide, osadziwa kuti mankhwala a chilungulirawo amatchinganso levofloxacin. Soya nayenso amachepetsa kalowedwe ka levothyroxine, ndiye ngati wodwala amamwa phala la Likuni kapena la soya m'mawa, lisamatsatane ndi piritsilo, ndipo adokotala adziwe kuti amadya zimenezi tsiku ndi tsiku.

Mlingo wa levothyroxine amayeza m'mamaikulogalamu, ndipo mapiritsi ofala ndi a 25, 50 ndi 100. Achikulire ndi odwala mtima amayamba ndi wochepa kwambiri. Homoniyi imakhalitsa m'magazi, imatenga pafupifupi sabata kuti theka lake lichoke, n'chifukwa chake TSH amaiyezanso patapita masabata pafupifupi 6 mlingo ukayambidwa kapena ukasinthidwa. Wodwala asawonjezere yekha poona kuti akuchedwa kupeza bwino. Mlingo ukachuluka mtima umathamanga, manja amanjenjemera, thukuta limachuluka ndipo tulo timasowa, ndipo kwa munthu amene mtima wake ukuyang'aniridwa kale chifukwa cha bedaquiline, zimenezo ndi zoyenera kukanena msanga.

Ndiwonjezere kuti mu 2022 bungwe la WHO linavomereza ndondomeko ya miyezi 6 yotchedwa BPaLM, ya bedaquiline, pretomanid, linezolid ndi moxifloxacin, imene ilibe ethionamide kapena PAS. Nayonso ili ndi zovuta zake, makamaka kuchepa kwa magazi ndi dzanzi la m'mapazi chifukwa cha linezolid, ndipo si wodwala aliyense amene amayenera kuikidwapo. Ndatchula kuti amene amva za iyo asaganize kuti wodwala amene wapita kale miyezi 4 pa ndondomeko ina, makhololo akuyera, ayenera kusinthidwa chifukwa cha chithokomiro chokha.

Mayi wa ku Machinjiri

Ndikuchitira umboni zimene anena a ku famase za rifampicin. Ine chithokomiro changa chinachotsedwa pa opaleshoni chitakula mpaka kundibanikitsa pogona, ndipo kuyambira pamenepo ndimamwa levothyroxine m'mawa uliwonse, moyo wanga wonse. Kwa zaka zingapo mlingo wanga sunasinthe. Chaka chatha anandipeza ndi TB wamba, ndipo pondifunsa ngati ndikumwa mankhwala ena, ndinatchula a BP okha. Kapiritsi ka chithokomiro ndinali nditakazolowera ngati mswachi, moti sindinakawerengere m'gulu la mankhwala. Kulakwa kunali kwanga, komanso buku limene munalembedwa za opaleshoniyo linali litadzaza, ndinalisiya kunyumba ndi kupita ndi latsopano.

Patapita miyezi iwiri ndinayamba kumva zimene ndinkazidziwa kale: kusinza m'minibasi mpaka kupitirira siteji yanga, miyendo kulemera pokwera chitunda cha kwathu, mphete kundithina pachala. Chifukwa ndinali nditadutsamo kale ndinazindikira msanga, ndinakayezetsa, TSH ndi kupezeka itakwera, ndipo adokotala anandiwonjezera mlingo. Chimene ndikufuna kuti ena adziwe ndi chakumapeto kwake. Nditamaliza miyezi 6 ya TB, mphamvu ya rifampicin pa chiwindi inatha patapita masabata ochepa, ndipo mlingo wowonjezera uja unasanduka wochuluka, mtima ndi kuyamba kuthamanga usiku. Anandiyezanso ndi kundibwezera pa mlingo wakale. Choncho amene mumamwa kale levothyroxine, nenani zimenezi pa tsiku loyamba lenileni, ndipo mupemphe tsiku loyezetsa poyamba mankhwala a TB ndi lina powamaliza. Mabuku akale akuchipatala muziwasokerera ku atsopano.

Gadiyani wa ku Chilomoni

Ndabweranso kudzathokoza nonse ndi kukudziwitsani mmene tayendera. Lolemba lapitalo tinalawirira ku kiliniki, ine, mng'ono wanga ndi azakhali, nditalemba zizindikiro zonse papepala monga mmene amayi a ku Zingwangwa ananenera. Adokotala amene tinawapeza anawerenga pepalalo mpaka pansi, anaima kumbuyo kwa wodwala ndi kumugwira pakhosi ndi manja awiri, ndi kumupatsa madzi kuti ameze. Anamuyeza ECG ndi mimba tsiku lomwelo, zonse zinali bwino, ndipo magazi anawatumiza. Zotsatira tazilandira dzulo: TSH yake ndi 38, ndipo magazi ndi ochepa pang'ono.

Amuyambitsa levothyroxine wa mamaikulogalamu 50, ndipo atiuza kuti tikayezetsenso pakatha masabata 6. Makhololo a mwezi wachinayi ayera, choncho adokotala anena kuti ethionamide amusiyitsa pa ulendo wotsatira, mankhwala enawo ndi kupitirira mpaka miyezi 9 ikwane. Azakhali anafunsa okha za agogo athu, ndipo atafotokozeredwa kusiyana kwake anakhutira, moti ndi iwo amene amudzutsa lero m'mawa kuti amwe kapiritsiko. Bambo a ku Bangwe, ndinamuwerengera zimene munalemba za miyendo ya tebulo, ndipo analira, ndi kundiululira kuti mwezi wathawu ankalephera kuwerengera ndalama za chenji pamene ndinamutuma pa okala, ndipo ankabisa poopa kuti tinganene kuti mutu wake sukuyenda bwino.

Tagwirizana kuti kapiritsi ka chithokomiro azimwa 5 koloko m'mawa ine ndikamadzuka kukoleza mbaula, phala ndi mankhwala a TB azilandira cha m'ma 7 koloko, ndipo mapiritsi owonjezera magazi amene amupatsa azimwa madzulo tikamadya nsima. A ku famase, chonde ndiuzeni ngati kutalikirana kumeneku kukukwanira, chifukwa phala limene amamwa ndi la mgaiwa wosakaniza ndi soya.